Nsapato Zonyowetsa pa Mpopi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaphunzitsa bambo anga kunama. Ndanena dala choncho. Anzanga akamakamba za ubwana wawo amatchula zimene akuluakulu anawaphunzitsa, koma kwa ine zinayenda cham'mbuyo. Nzeruyo inatuluka m'kamutu kanga komwe aka, m'mawa wina wa Novembala, m'khitchini ya kanyumba kathu ku Tipton.

Amayi ndi amene anayamba kubwera ku Mangalande, zaka zija zoyambirira za m'ma 2000 pamene manesi ankachoka kwathu motsatizana. Anakhala okha zaka ziwiri, tikumangomvana pa foni ya makadi okala, kenako anatiitanitsa ine ndi adadi. Ku Mchinji adadi anali aphunzitsi, munthu wa tayi, woyenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo. Kuno anapeza ntchito yamasana yomata mapepala pa makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Sankadandaula ayi. Ankangodya. Tchipisi, mabisiketi, tiyi wa masupuni atatu a shuga, chilichonse chimene chinawapeza ali pampando. Pasanathe miyezi isanu anaboola bowo lina kunsonga kwa lamba wawo.

Dokotala atawayeza anati BP yakwera koopsa ndipo matenda a shuga ali pakhomo. Kubanja la adadi mawu amenewa si ocheza nawo. Bambo awo anagwa ndi sitiroko kudimba asanakwanitse zaka makumi asanu. Akulu awo nawonso anagwa pa msinkhu womwewo. Adadi anali atatsala ndi zaka zitatu kuti afikepo.

Tsiku limenelo amayi sanavule ngakhale yunifolomu. Anakhala patebulo, n'kujambula mizere papepala ndi rula yanga ya kusukulu, n'kulimata pa filiji.

"Bambo a Tiya," anatero, "ine ku wodi ndimasambitsa anthu a sitiroko tsiku ndi tsiku. Sindikufuna kudzasambitsa inu. Mapilisi muzimwa, koma muzithamanganso. Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka."

"Kuthamanga? Ine?" adadi anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi a Tiya, kwathu munthu wamkulu akamathamanga anthu amayang'ana kumbuyo kwake, kuti aone ngati ndi galu kapena apolisi."

Amayi sanaseke nawo. Anatembenukira kwa ine. Iwo ankachoka kusanache pothamangira shifiti ya m'mawa, ndiye anafuna mboni. "Iwe Tiyamike, ukhala maso anga. Uzipita nawo usanapite kusukulu. Mukabwerako, uzichonga apa."

Kuseri kwa nyumba zathu kunali ngalande, imodzi mwa zija azungu anakumba kalekale kuti muziyenda mabwato a malasha. Madzi ake anali akuda bii, osayenda, ndipo pena munkaoneka trole ya m'sitolo itamira miyendo ili m'mwamba. M'mbali mwake munali kanjira kakuda ka phulusa la malasha, kodutsa pansi pa milatho ya njerwa. Pepala la amayi linkawerenga milatho imeneyi. Mwezi woyamba, mlatho woyamba. Pofika kumapeto kwa Januwale, mlatho wachisanu, kupita ndi kubwera osaima.

Abale inu, mukanawaona adadi tsiku loyamba! Anavala thalauza lakale la suti ndi nsapato zothamangira zoyera mbee zimene amayi anawagulira, mimba ili patsogolo ngati ikufuna kukafika yokha. Tinathamanga kuchoka pa mtengo wa magetsi wina kufika pa wina, basi iwo wefuwefu, manja m'mawondo. Ine dzina langa ndi la mayi awo, ndiye chibadwire changa ankanditchula kuti Mama, ndipo iwo ankadzitcha mwana wanga.

"Mama, pang'onopang'ono," ankatero ndikawasiya kumbuyo. "Mwana wanu akutha kuno."

Koma anayesetsa, ndisawanamizire. Seputembala yense ndi Okutobala sitinajombe. Masamba ankagwera m'madzi, abakha ankatizolowera, ndipo mkulu wina wokhala m'bwato ankatikwezera kapu ya tiyi tikamadutsa. Pofika kumapeto kwa Okutobala tinkafika pa mlatho wachiwiri, titapuma kawiri kokha. Adadi anayamba kuimba m'bafa. Lamba uja anabwerera pa bowo lake lakale.

Kenako kunabwera Novembala, ndi mvula yake.

Inu amene munakulira kwathu mukudziwa mmene timachitira ndi mvula. Munthu wanzeru zake sayenda pamvula. Amausa. Umaima pakhonde la sitolo kapena la munthu amene sukumudziwa n'komwe, mvula n'kukhuthuka ndi ukali wake wonse, ola limodzi yakata, dzuwa latuluka, ulendo wapitirira. Ngakhale mvumbi, ukachulukitsa ndi masiku atatu. Adadi anakhala moyo wotero zaka zoposa makumi anayi, ndipo sanaone chifukwa chousinthira. M'mawa woyamba wa mvula anavala nsapato zawo, namanga zingwe bwinobwino, n'kukaima pakhomo la kumbuyo akuyang'ana kumwamba.

"Tidikire ikate, Mama."

Tinadikira. Sinali mvula yeniyeni n'komwe, koma kamvula kowaza, kopanda bingu, kopanda mkwiyo, kongolowa m'khosi ndi m'manja mwa malaya. Nthawi ya sukulu inakwana kakugwabe. Lachinayi kanali komweko. Loweruka adadi anati uwu ndi mvumbi, mawa ukata ndithu. Munthu wamkulu, mphunzitsi wathunthu, kuima pakhomo sabata yonse kudikira kuti mvula ya ku Mangalande ikate!

Ine mumtima ndinkakondwa. Kuzizira ndinkadana nako ndi mtima wanga wonse. Zala zanga zinkang'ambika, milomo inkatuluka magazi, ndipo m'mawa kunkakhala mdima ngati dzuwa laiwala ntchito yake. Vuto linali limodzi: mabokosi atatu a papepala lija anali opanda kanthu, ndipo amayi anali atawaona. Sanakalipe. Anangoti, "Sabata yamawa ndisaonenso zimenezi," n'kupita kukagona.

Lachiwiri lotsatira kunja kunali chimodzimodzi. Adadi anaima pakhomo paja, nkhope ili khuma. Ine ndinayang'ana nsapato zawo zoyera, ndinayang'ana mpopi wa panja umene unali pafupi ndi khomolo, ndipo nzeru ija inangobwera yokha, yosaitanidwa.

"Adadi, vulani. Ndikuonetseni."

Ndinatenga nsapato zawo ndi zanga, ndinazinyowetsa pa mpopi, ndinazipondetsa m'dothi la kabedi ka maluwa kamene mwini nyumba anasiya kumpanda, n'kuziika pamphasa ya pakhomo monga tinkachitira masiku onse. Kenako ndinatenga bolopeni ndi kuchonga pa filiji.

Adadi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza khofi, kapena ulaliki uja wa aphunzitsi. M'malo mwake mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Iii, mwana iwe! Udzakhala loya." Anapukuta misozi ya kuseka. "Lero lokha, wamva? Ikakata tikabwezera zonse."

Lero lokhalo linakhala miyezi itatu.

Apa ndiulule chinthu chimene chimandiwawa kuposa zonse. M'mawa umene tinkanamawo ndi nthawi yokoma kuposa ina iliyonse imene ndinakhala ndi bambo anga. Tikatha kunyowetsa nsapato tinkayatsa hita, adadi ankawotcha buledi n'kupaka majarini wambiri mpaka kudontha m'zala, ndipo tinkamwa tiyi mawindo atachita nthunzi. Ankandiuza za ana awo a sukulu ku Mchinji, mmodzimmodzi ndi maina awo. Ankandikonza Chichewa, chimene chinali chitayamba kundipulumuka, chifukwa kusukulu kunali Chingerezi chokhachokha ndipo ndinali nditayamba kuyankha makolo anga m'chinenero chimenecho. Kuntchito kwawo anali munthu wa makatoni amene dzina lake ankalephera kulitchula. M'khitchini muja, kwa theka la ola, ankakhalanso aphunzitsi. Ndinkawakonda kwambiri, ndipo ndinkaona ngati ndawapatsa mphatso.

Disembala inabwera ndi chisanu chake. Tsiku lina mpopi uja unauma gwaa ndi kuzizira, ndipo ndinachita kutunga madzi m'khitchini ndi kapu. Ndinali katswiri tsopano. Ndinkadziwa kuwaza timadontho ta matope kumiyendo ya thalauza, ndi kupachika majuzi athu pa hita ngati anyowa. Lamba wa adadi anabwerera mwakachetechete pa bowo la kunsonga.

Amayi akabwera madzulo ankalowera khomo la kumbuyo. Ankawerama, n'kutola nsapato imodzi ya adadi, n'kuitembenuza, n'kuyang'ana kunsi kwake. Kenako ankaibwezera pamalo pake. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankawakulunga adadi mkono ndi makina oyezera BP, akuyang'ana manambala milomo atafinya.

"Siikutsika," ankatero. "Koma mukuthamangadi, bambo a Tiya?"

"Funsani mboni yanu."

Amayi ankandiyang'ana, ine n'kuyang'ana makinawo.

"Yes, Mum."

Loweruka lomaliza la Januwale ndinadzutsidwa ndi mawu a adadi. Anali pawindo la pabalaza, atatsegula makatani onse, nkhope ili ngwee ngati mwana.

"Mayi a Tiya, tabwerani muone! Dzuwa la ku Mchinji latipeza!"

Linalidi dzuwa. Patapita masabata ambirimbiri a mitambo yotuwa, kumwamba kunali mbee popanda kamtambo n'kamodzi komwe. Kudzera pagalasi linkafunda bwinobwino pakhungu. Madenga onse anali oyera ndi chisanu, koma adadi anati zimenezo n'za m'mawa chabe, ngati mu Juni kwathu: dzuwa likangokwera pang'ono anthu amavula majuzi n'kuyamba kuothera. Inali nyengo yawo yoyamba yozizira m'dziko lino. Sankadziwa kuti kuno tsiku lowala kwambiri ndi limene limaluma kwambiri.

"Ndiye zakhala bwino," amayi anatero ali kukhitchini. "Lero ndili pa ofu. Ndikaima pa mlatho wachitatu ndi wotchi, ndione mmene mumadutsira popita ku wachisanu."

Ndinayang'ana adadi. Kumwetulira kuja kunali kudakali pankhope pawo, koma kunali kutauma.

Adadi anatsika atavala kabudula ndi sikipa ya manja aafupi.

"Valani jekete," amayi anatero.

"Ndi dzuwa limeneli? Othamanga enieni savala majekete."

Amayi anavala chikhoti chawo chofiira, natenga kawotchi kaja ankapachika pachifuwa ku wodi. Asanatuluke anagwada patsogolo panga kuti andimange sikafu. Nkhope yawo inali pafupi kwambiri ndi yanga, moti ndinkamva fungo la mafuta awo odzola. Analankhula motsitsa, kuti adadi asamve.

"Tiya, mwana wanga. Adadi ako amafikadi pa mlatho wachisanu?"

Ndakhala ndikubwerera pa mphindi imeneyo kwa zaka zambiri, kuposa malo ena alionse amene ndinapondapo. Panalibe chovuta. Akanandikalipira, mwina akanandimenya ndi patapata, basi. Koma ndinaganiza za buledi wowotcha, ndi za nkhope ya adadi akamachititsidwa manyazi pamaso panga, ndiponso, ndisabise, za khungu langa lomwe.

"Yes, Mum."

Anandiyang'anabe pang'ono. Kenako anakoka sikafu ija mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira, n'kutuluka.

Tinatsala awiri pageti. Mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Manja a adadi anali atachita kale tsembwe.

"Mama, tichita bwanji?"

Munthu wamkulu kufunsa mwana! Ndipo mwanayo anayankha, chifukwa nzeru zoipa sizichedwa. "Tingothamanga mpaka tiwadutse. Tikakhota paja, sationanso. Tikapuma kumeneko."

Anagwedeza mutu. "Musade nkhawa, Mama. Mwana wanu sakuchititsani manyazi."

Ngalande inali itaundana m'mbali, abakha ataima pamwamba pa madzi ngati pa simenti. Kanjira kaja kanali kolimba gwaa, kokutidwa ndi chisanu choyera chimene chinkalira pansi pa nsapato. Mpweya unkacheka m'chifuwa ngati lezala. Pa mlatho woyamba adadi anali atayamba kale kupuma mokoka, phokoso limene sindinalimvepo mu Okutobala. Sanaime. Pa mlatho wachiwiri nkhope yawo inali itatuwa.

"Adadi, tiime."

Anakana ndi dzanja. Kutsogolo, pamwamba pa mlatho wachitatu, chikhoti chofiira chinkaoneka bwinobwino padzuwa lija. Atachiona anawongola msana, anakweza mutu ngati akulowa m'kalasi, n'kuwonjezera liwiro. Anandipitirira. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, ine ndi amene ndinali kumbuyo, ndiye ndinaona zonse.

Titatsala pang'ono kufika, phazi lawo lamanzere linasiya kunyamuka. Linayamba kukhwekhwereza pansi, khwee, khwee, likusiya mzere wakuda pa chisanu choyeracho. Adadi analiyang'ana modabwa, ngati ndi la munthu wina. Sanagwe mwaphokoso ayi. Anangokhala pansi pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kutsamira khoma la njerwa. Anandiyang'ana kuti anene chinachake, koma pakamwa pawo panali patakokekera mbali imodzi.

Amayi anatsika masitepe a mlatho awiriawiri. Anavula chikhoti n'kuwafunditsa, anawagoneka cham'mbali, anatulutsa foni yawo ya mabatani n'kuitana ambulansi ndi mawu odekha a ku wodi, ngati wagonayo ndi munthu wachilendo. Atangodula foni mawuwo anasweka. "Bambo a Tiya! Bambo a Tiya, ndiyang'aneni!" Mkulu wa m'bwato uja anabwera ndi bulangete. Ine ndinangoima, maso ali pa mzere wakuda uja.

Kuchipatala dokotala wina wachitsikana anafunsa mafunso ambiri akulemba. Limodzi ndinalimva bwino: kodi bamboyu anazolowera kuthamanga? Amayi anandiyang'ana, n'kuyang'ananso dokotala uja.

"Yes," anatero. "Katatu pa sabata."

Ndinathamangira kuchimbudzi n'kukasanza. Ndinkati amayi anena zimenezo chifukwa akukhulupirira ine.

Adadi sanamwalire tsiku limenelo. Anatuluka m'chipatala patapita miyezi iwiri, ndipo bedi lawo tinalitsitsira pabalaza chifukwa masitepe sakanawatha. Amayi ankawasambitsa m'mawa uliwonse asanapite kukasambitsa ena, monga ananenera kuti sakufuna. Mawu a adadi, mawu aja odzaza kalasi, anatsala ochepa ongowerengeka pa zala. Limodzi mwa otsalawo linali lakuti Mama. Ankalitchula movutikira, akundiyang'ana ndi maso ofatsa opanda mlandu, ndipo ndikanakonda akanandilalatira. Pambuyo pake anaphunzira kuyenda ndi ndodo. Kuchipinda kwanga m'mwamba ndinkamva akupita kukhitchini: go, khwee, go, khwee.

Pepala la pa filiji linasowa sabata yomwe ija, sindinadziwe kuti analichotsa ndani. Koma nsapato zoyera zinakhalabe pamphasa ya pakhomo la kumbuyo. Palibe anazitaya, palibe anazitchula. Tinkangozilambalala.

Anakhala choncho zaka zisanu. Anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo tinakawaika ku Mchinji. Titabwerera, phokoso lija silinachoke m'nyumba. M'mawa wa nyengo yozizira, mapaipi a hita akayamba kulira, ndinkalimva pansi, go, khwee, likulowera kukhitchini. Ndinkadziwa kuti ndi mapaipi. Kudziwako sikunathandize kanthu. Mpopi wa panja sindinaukhudzenso, ngakhale amayi atandituma kuthirira maluwa ndinkakatunga m'khitchini.

Ndinakula, ndinaphunzira, ndinayamba ntchito, chinsinsi changa chili pakhosi. Ine ndi amayi tinkakondana, koma mwaulemu, ngati anthu obwereka nyumba imodzi. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, dokotala anawauza amayi kuti nawonso BP yawo yayamba kukwera. Loweruka lina la Novembala ndinati tiyeni tikayende kungalande. Anavala nsapato, anafika pakhomo la kumbuyo, anaona kamvula kowaza kaja, n'kuseka kuseka kwina kosakoma.

"Tidikire ikate," anatero.

Ndinakhala pansi pomwepo, pafupi ndi mphasa, n'kuyamba kulankhula. Ndinanena zonse, m'Chichewa, chifukwa m'Chingerezi sizikanatuluka: mpopi, dothi, machongo a pa filiji, mawu anga a pageti. Ndinamaliza ndi chimene ndinali nditachinyamula zaka khumi ndi zitatu. "Amayi, adadi ndinawapha ndine."

Amayi sanadabwe. Anakoka mpando n'kukhala, manja ali pamiyendo.

"Dothi la m'maluwa ndi lofiira, Tiya," anatero. "La kungalande ndi lakuda. Ndinadziwa sabata yoyamba."

Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndikananena bwanji? Munthu anasiya tayi wake ndi ulemu wake kunditsatira ine kuno. Kutchalitchi azimayi ankanong'onezana kale kuti manesi talanda mathalauza a amuna athu. Ndiye ndiwatchule abodza pamaso pa mwana wawo? Ndinati ndidikire, aulula okha. Iwenso ndinkakupatsa mpata Lamulungu lililonse." Anapuma mozama. "Tsiku lija ndinali nditatopa ndi kudikira. Ndinakwiya. Ndinkadziwa kuti kunja kukuzizira koopsa, ine nesi, wa nyengo zozizira zitatu m'dziko lino. Ndinawaona ndi kasikipa kaja. Ndinati mumtima, asiyeni, akafika pa mlatho woyamba atopa, achita manyazi, aulula. Sindinadziwe kuti athamanga mpaka pamene ndinaima."

Anakwera m'mwamba n'kubwera ndi Baibulo lawo. Pakati pake panali pepala lija, lopindidwa kanayi, lothetheka m'mphepete, machongo anga a bolopeni ali ndondondo mpaka kumapeto kwa Januwale.

"Ndimaliona tsiku lililonse," anatero. "Ine ndimati ndinawapha ndine."

Tinalira m'khitchini muja mpaka tiyi amene palibe anamwa anazizira. Zaka khumi ndi zitatu, m'nyumba imodzi, kudyera patebulo limodzi, aliyense atanyamula maliro omwewo payekha, akuopa kuti mnzake angadziwe.

Madokotala amene ndawafunsa amati sitiroko ija mwina ikanabwerabe, kaya pa ngalande kaya pampando, popeza inali m'magazi. Mwina n'zoona. Sindidzadziwa, ndipo ndasiya kuyembekeza kuti ndidzadziwa.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti bodza langa silinali lalikulu pamene linkayamba. Linali la mwana woopa kuzizira. Mmodzi mwa ife akanangonena mu Novembala kuti zatikanika, mvula ya kuno sitikuidziwa, njira zikanapezeka: jekete la mvula, masitepe a m'nyumba, holo ya masewero, ngakhale kungoyenda. Ndipo munthu amene wangoyamba kumene kuthamanga akaima miyezi itatu, sayambira pamene pepala likunena. Amabwerera pa mtengo wa magetsi woyamba uja, popanda manyazi. Koma ife tonse atatu tinaima pakhomo kudikira kuti zikate zokha. Adadi ankadikira dzuwa, amayi ankadikira kuti adadi aulule, ine ndinkadikira kuti wina andigwire. Palibe amene ankafunira mnzake zoipa. Tinkangotetezana ku manyazi, ndipo adadi anathamanga mpaka thupi lawo linasweka kuti mwana wawo asatchedwe wabodza.

Masiku ano ndimathamanga, Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Si kuti ndimakonda ayi, kuzizira ndimadana nakobe mpaka lero. Ikamagwa mvula ndimavala jekete n'kutuluka. Kukakhala chisanu choterera ndimakhala m'nyumba, ndipo amayi akafunsa ndimawauza kuti lero sindinapite. Ngalande anaikonza, trole zija anazivuula, koma kanjira kathu mbali ina kadakali kakuda. Ndikamayandikira mlatho wachitatu miyendo imachepetsa yokha liwiro. M'mawa wowala kwambiri, chisanu chili mbuu pansi, ndimamva kumbuyo kwanga munthu akupuma mokoka, ndipo ndimadziwa mawu amene akubwera: Mama, pang'onopang'ono. Sinditembenuka, koma ndimamvera.

Ndikabwerako ndimavula nsapato pakhomo la kumbuyo n'kuzisiya pamphasa. Amayi akalamba tsopano, msana ukuwavuta. Amadikira kuti ndikwere m'mwamba, poganiza kuti sindikumva. Kenako chitseko chija chimalira, ndipo ndimadziwa kuti awerama, atola nsapato imodzi, aitembenuza, akuyang'ana kunsi kwake.